Kalata yotseguka kwa a Meya a mzinda wa Lusaka: ulimi wa ndiwo ku Ng'ombe ulowe m'malamulo

Kwa Olemekezeka a Meya,
Lusaka City Council,
Civic Centre, Independence Avenue.

Olemekezeka,

Ndikulemba kalatayi ndili ku Ng'ombe, m'dera la Mandevu, ndipo ndiyamba ndi pempho langa kuti lisasochere m'mawu ambiri. Khonsolo yanu ilembe poyera, m'malamulo a mzinda, kuti munthu wa m'komboni ali ndi ufulu wolima ndiwo pakhomo pake ndiponso pa malo ena amene khonsoloyo yavomereza. Ikatero, itithandize pa zinthu zimene sitingathe patokha: madzi abwino othirira ndi malo opangira manyowa. Sindikupempha kuti mubwere kudzatiphunzitsa kugwira khasu. Ku Ng'ombe timalima kale. Chosowa ndi mawu ochokera kwa inu otitsimikizira kuti zimene tikuchitazi si mlandu.

Mukadzayenda m'tinjira ta komboni yathu mwezi wa Januwale, mudzaona chibwabwa chitayanga pa mipanda, china chitakwera mpaka pa malata. Mudzaona kalembula kuseri kwa nyumba pomwe amatayira madzi otsukira mbale, ndi bondwe womera yekha amene ngakhale mwana amadziwa kuti sazulidwa. Pena pali mtengo wa papaya, pena mizere itatu ya chimanga yopanikizika pakati pa khoma ndi ngalande, pena repu m'beseni lobooka. Ambiri mwa obzala ndi amayi ndi agogo amene anakulira ku Katete, ku Petauke, ku Lundazi, ena ku Kasama kapena ku Mongu, ndipo mbewu zina anachita kubwera nazo kuchokera kumudzi atazimanga pa nsonga ya chitenje. Luso lilipo lambiri. Koma aliyense amalima mtima uli m'mwamba, osadziwa ngati mbewu yake idzafika pokolola kapena idzagwa ndi chikwanje. Munthu wolima mwamantha sagula thanki, sakonza nthaka, sabzala mtengo wa zipatso.

Manthawa sanayambe dzulo. Pamene Stanley Adshead ankajambula mapulani a Lusaka mu 1931, mzindawu usanakhale likulu la dziko mu 1935, ankafuna mzinda wa misewu yotakasuka, wa mitengo ndi minda ya maluwa. Mindayo inali ya kumayadi. Munthu wakuda ankawerengedwa ngati wantchito wongodutsa amene kwawo ndi kumudzi, ndipo kamunda kake ka chimanga m'tauni kankaonedwa ngati uve. Ufulu unabwera mu 1964, koma maganizo amenewa anatsalira m'maofesi. Kwa zaka zambiri makhonsolo a m'dziko muno, ya Lusaka ili momwemo, ankatuma anthu kukatchetcha chimanga cha m'tauni chisanakhwime, ponena kuti chimaswetsa udzudzu ndiponso chimabisa akuba, ndipo ankatsamira pa lamulo la zaumoyo la Public Health Act. Komabe anthu sanasiye. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980, Bishwapriya Sanyal atafufuza m'makomboni a Lusaka, anapeza kuti oposa theka la mabanja opeza zochepa ankalima chakudya, ena pakhomo, ena pa malo opanda kanthu nthawi ya mvula. Malo ambiri opanda kanthuwo lero anasanduka mapuloti, koma njala imene inkawatuma kulima ikadalipo.

Nkhani ya udzudzuyi inafufuzidwa kalekale, kuno kwathu komwe. Mu 1978 magazini ya madokotala ya Medical Journal of Zambia inasindikiza kafukufuku wa Watts ndi Bransby-Williams, amene anafunsa ngati udzudzu umaswana m'timadzi totsakamira pakati pa tsamba ndi phesi la chimanga. Sanapeze umboni woti udzudzu wa malungo umaswana m'menemo. Udzudzu wotere umaikira mazira m'zithaphwi za pansi zowombedwa ndi dzuwa, m'maenje okumbamo dothi ndi miyala, m'mikwasa ya matayala a galimoto. Zaka zoposa 40 zapita, koma mawu akuti chimanga chimabweretsa malungo akumvekabe. Za akuba sindikana. Chimanga chachitali pa mphambano, kapena m'mbali mwa njira imene amayi ndi atsikana amadutsa kukada, n'choopsa ndithu. Koma yankho lake n'kunena kuti pa malo otere bzalani mbewu zazifupi, nyemba, mbatata, chibwabwa. Ndime imodzi ya lamulo ikhoza kunena zimenezi, m'malo moletsa zonse.

Chimene chandituma kulemba ndi mbale ya ndiwo. Bungwe la JCTR limawerengera mwezi ndi mwezi ndalama zimene banja la anthu 5 mu Lusaka likufunika kuti lidye ndi kukhala bwino, ndipo mu 2024 chiwerengerocho chinadutsa K10,000. Mlonda, wantchito wa m'nyumba, mnyamata wokankha wilibala, mayi wa pa kantemba, palibe amene malipiro ake amayandikirako. Chaka chomwecho, pa 29 Febuluwale, Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti chilala chasanduka tsoka la dziko, mahekitala pafupifupi 1 miliyoni a chimanga atapserera mwa 2.2 miliyoni amene anabzalidwa. Thumba la ufa woyera la makilogalamu 25 linadutsa K300 m'masitolo ambiri. Ndalama ikachepa, mayi sayamba ndi kuchepetsa nsima. Amachepetsa ndiwo. Agula pamela (kathumba kakang'ono ka ufa), kamafuta kopima, malasha a tsiku limodzi, ndipo yotsalayo ndi ya kamtolo kamodzi ka repu kogawana banja lonse, madzi ndi mchere zikhale zambiri kuti nsima itsike. Mwana amagona atakhuta, koma thupi lake silinalandire zomangira.

Kafukufuku wa zaumoyo wa dziko lonse wa 2018 anapeza kuti ana 35 pa 100 alionse osafika zaka 5 ndi opinimbira, ana 58 pa 100 ali ndi vuto la kuchepa kwa magazi, ndipo amayi 31 pa 100 nawonso magazi ndi ochepa. Bungwe la WHO limalangiza kuti munthu adye magalamu 400 a ndiwo zamasamba ndi zipatso pa tsiku. Ndani m'komboni amafikapo? Kuyambira 1998 dziko lino limathira vitamini A mu shuga pofuna kuteteza maso ndi matupi a ana, ndipo n'chinthu chabwino. Koma vitamini yemweyo ali mu bondwe, mu chibwabwa, mu kalembula ndi mu mbatata yofiira m'kati, limodzi ndi ayironi ndi zina zomanga magazi, ndipo masambawa akatenderedwa ndi nsinjiro, mafuta a mtedzawo amathandiza thupi kuyamwa vitaminiyo. Agogo athu ankaphika chonchi asanamvepo za mavitamini. Amene akumwa ma ARV kapena mankhwala a TB amauzidwa kuchipatala kuti azidya bwino. Odwala shuga ndi BP, amene achuluka kwambiri m'makomboni, amauzidwa kuti achulutse masamba. Malangizo ndi abwino, koma akatuluka pa geti ya kiliniki amakumana ndi mtengo wa pamsika.

Sindikunena kuti bedi la repu lidzathetsa kupinimbira. Mwana amapinimbiranso chifukwa cha kutsegula m'mimba pafupipafupi, madzi oipa, ndi kusowa mazira, nyemba ndi nsomba. Ndikunena kuti banja limene limathyola masamba pakhomo masiku angapo pa sabata limapulumutsa ndalama yogulira dzira kapena kapenta, ndipo limadziwa zimene zathiridwa pa masambawo. Kuyambira pomwe mbozi ya matimati ya Tuta absoluta inafika m'dziko muno mu 2016, alimi ambiri amapopera mankhwala pafupipafupi kuti apulumutse mbewu, ndipo wogula alibe njira yodziwira ngati masiku odikira asanathyole anakwana.

Ena adzati m'komboni mulibe malo. N'zoona kuti pa puloti imodzi pamakhala mabanja anayi kapena asanu, ambiri a renti, chimbudzi chimodzi, chingwe chimodzi choyanikira. Koma thumba la ufa lakale, litadzazidwa dothi losakaniza ndi manyowa, pakati pake patayikidwa mzere wa timiyala woti madzi azitsikira, m'mbali mwake mutabooledwa, limasenza mbande 20 mpaka 30 pa malo osaposa amene mpando umatenga. Repu amayamba kuthyoledwa patatha sabata 4 mpaka 6 chiwokereni, bondwe amafulumira kuposa pamenepo, ndipo wa renti akasamuka amanyamula munda wake pa wilibala. Ku Kibera, ku Nairobi, kumene nyumba n'zothithikana kuposa kwathu, mabanja zikwi zambiri analima m'matumba chonchi kuyambira cha mu 2008. Kwathu kuno chimene chimaletsa kawirikawiri ndi landilodi wonena kuti khonsolo imakana. Khonsolo ikalankhula momveka, chifukwa chimenechi chatha.

Vuto lenileni ndi madzi, ndipo apa ndichedwapo, chifukwa ndi pamene otsutsa ulimi wa m'tauni amanena zoona. Mabanja ambiri a ku Ng'ombe amagula madzi pa chigubu. Abambo ndi anyamata ambiri a kuno amagwira ntchito ya m'magadeni ku Roma, ku Kalundu ndi ku Olympia. Tsiku lonse agwira paipi kuthirira kapinga ndi madzi opopa pansi, madzulo abwerera kunyumba kumene zigubu zawerengedwa kale: ichi chakumwa, ichi chophikira, ichi chochapira. Madzi a pansi pa mzindawu ndi a tonse, ndipo zimandipweteka kuti udzu wosadyedwa umamwa tsiku lililonse pomwe bedi la ndiwo za ana lilibe gawo. Munthu wotereyu sangathirire repu ndi madzi ogula mu Seputembala ndi Okutobala. Choncho amatunga amene ali pafupi, a m'ngalande kapena a m'kamtsinje.

Mtsinje wa Ngwerere, kumene madzi a mbali yathu ino ya mzinda amatsikira, umalandira madzi a ngalande yaikulu ya Bombay ndiponso madzi otuluka ku malo oyeretsera zonyansa a Manchinchi ndi maiwe ake a ku Garden. Malo amenewa anamangidwa mzinda ukadali waung'ono, ndipo kwa zaka zambiri akhala akulandira zoposa mphamvu yake. M'mbali mwa mtsinjewu anthu amalima repu, tchaina, kabichi, matimati ndi nzimbe, ndipo ndiwozo zimafika m'misika yathu. Zimenezi si chinsinsi kwa aliyense. Alimiwo sindiwadzudzula, chifukwa madzi amenewa ndi okhawo osaphwa m'chilimwe, ndiponso amanenepetsa mbewu popanda feteleza. Koma m'madzi otere mumakhala mazira a njoka za m'mimba ndi tizilombo ta kamwazi, ta tayifodi ndi ta kolera. Woyamba kudwala ndi mlimi amene amalowamo wopanda nsapato, kenako mwana wodya tomato wosatsuka.

Kolera tikuidziwa. Inatigwira kuyambira Okutobala 2017 mpaka 2018, odwala n'kupitirira 5,000. Inabweranso mu Okutobala 2023, ndipo pofika pakati pa 2024 odwala m'dziko lonse anaposa 20,000, omwalira oposa 700. Bwalo la National Heroes linasanduka chipatala, sukulu sizinatsegulidwe mpaka Febuluwale. Pambuyo pa maliro ochuluka chotero, ndimamumvetsa wa zaumoyo amene akaona bedi la masamba m'mbali mwa ngalande amafuna kulizula pomwepo. Koma akazula lero, mlimi abzalanso mawa, pa malo obisika kwambiri, ndi madzi omwewo. Malangizo a WHO a 2006 onena za kuthirira ndi madzi ogwiritsidwa kale ntchito amatchula njira zimene mlimi wosauka angathe: kuthira madzi pa tsinde osati pa masamba, kusiya kuthirira masiku angapo asanathyole, kuvala majombo, kutsuka zokolola ndi madzi abwino osati a mumtsinje omwewo, kuphika masamba mpaka apse. Zonsezi n'zophunzitsika. Koma mlangizi wa zaulimi kapena wa zaumoyo angaphunzitse bwanji munthu amene lamulo limamuona ngati kulibe, amenenso akaona galimoto ya khonsolo amathawa? Apa ndiye pagona nkhani yanga yonse, Olemekezeka. Mukavomereza mlimi wa m'tauni mudzamudziwa dzina, mudzadziwa pamene amatunga madzi, ndipo mudzatha kumuuza kuti apa ayi, uko inde.

Akuluakulu anati walira mvula walira matope, ndipo ife opempha minda tiyenera kulandira malamulo a madzi ngakhale atakhala owawa. Ngati madzi a malo ena ayesedwa n'kupezeka oipa kwambiri, masamba asalimidwepo, pabzalidwe mitengo kapena maluwa ogulitsa. Koma inunso muli ndi gawo. Mu ndondomeko ya Lusaka Sanitation Programme muli mapulani a malo atsopano oyeretsera zonyansa ku Ngwerere ndi ku Chunga. Khonsolo ikambirane ndi Lusaka Water Supply and Sanitation Company kuti madzi oyeretsedwa bwinowo akhale ndi njira yofikira kwa alimi mwadongosolo. Ku Bulawayo, mzinda wouma kuposa wathu, khonsolo inapereka malo a Gum Plantation kwa anthu osauka kuti azilima ndi madzi otuluka ku malo oyeretsera zonyansa.

Palinso madzi amene timataya tokha. Lusaka imalandira mvula yokwana mamilimita pafupifupi 800 pa chaka. Milimita imodzi ikagwa pa malata a mita imodzi m'litali ndi m'lifupi imapereka lita imodzi, kutanthauza kuti denga la mamita 5 kwa 6 limagwetsa malita pafupifupi 24,000 pa chaka, madiramu oposa 100. Onsewo amathamangira m'njira, kukokolola dothi ndi kudzaza zimbudzi. Banja silingasunge madzi a chaka chonse, koma sukulu, tchalitchi kapena msika, zimene zili ndi madenga aakulu, zikhoza kukhala ndi mathanki ovundikira bwino kuti udzudzu usalowe, n'kutalikitsa nyengo ya masamba kufika m'miyezi yozizira. Pakhomo, madzi otsukuluzira mbale ndi zovala ndi okwanira matumba awiri kapena atatu, bola asakhale ochapira matewera kapena a mankhwala oyeretsera, ndipo athiridwe pa dothi.

Tsopano zinyalala. Chaka chilichonse mvula ikayandikira timamva kuti ngalande zatsekeka, ndipo khonsolo imatuma anthu kukazivuula. Mapulasitiki ndi mabotolo ndiwo amaoneka, koma gawo lalikulu la zimene zimatuluka m'nyumba ndi m'misika yathu ndi zowola: makoko a mbatata ndi nthochi, masamba akunja a kabichi, matimati ophwanyika, makoko a chimanga chootcha, phulusa la pa mbaula. Amene amatha kulipira, zinyalala zawo zimatengedwa ndi magulu otolera a m'komboni n'kupita ku dzala la ku Chunga, kumene zimawolera pansi pa mulu popanda mpweya n'kutulutsa gasi wa methane, yemwe amayaka moto ndiponso amatenthetsa dziko kuposa utsi wamba. Amene sangathe kulipira amataya usiku m'ngalande. Njira zonse ziwiri zikutaya chonde chimene nthaka yathu yowuma ikusowa, kwinaku mzinda ukulipira mafuta a magalimoto onyamula.

Pafupi ndi msika wa Ng'ombe patakhala malo otchingidwa opangira kompositi, zinthu zingasinthe msanga. Zowola za pamsika, utuchi wa kwa akalipentala, zitosi za nkhuku ndi phulusa pang'ono, zikaunjikidwa mosanjikiza, kunyowetsedwa ndi kutembenuzidwa, zimatentha kupitirira madigiri 55, kutentha kumene kumapha tizilombo tambiri ndi njere za udzu, ndipo pa miyezi iwiri kapena itatu zimasanduka dothi lakuda losanunkha. Achinyamata amene akungokhala pa mabenchi akhoza kuligulitsa pa ndowa kwa olima m'matumba ndiponso kumayadi komwe. Lamulo la zinyalala la 2018, Solid Waste Regulation and Management Act, linaika ntchito imeneyi m'manja mwa makhonsolo. Aphunzitsi sakusowa. Ku Kasisi Agricultural Training Centre, komwe kunayamba mu 1974, akhala akuphunzitsa alimi ang'onoang'ono ulimi wa manyowa kwa zaka zambiri. Sukulu ya zaulimi ya pa yunivesite ya UNZA ili pa mtunda woyenda wapansi kuchokera kuno, ndipo koleji ya zaulimi ya NRDC ili mumzinda momwemuno. Ophunzira awo amafuna malo ochitira zimene aphunzira, ife tikufuna wotiyesera nthaka ndi madzi.

Kuyesa nthakaku n'kofunika. Pamalo pamene panali garaja, pamene ankaphwanyira mabatire kapena kuotchera zinyalala, dothi likhoza kukhala ndi mtovu ndi ziphe zina zimene masamba amayamwa kapena kunyamula ngati fumbi. Zimene mtovu wachita kwa ana a ku Kabwe, mgodi utatsekedwa kale mu 1994, zikutikwanira kukhala chenjezo. Pamalo okayikitsa, thumba lodzaza kompositi woyera ndi lotetezeka kuposa kukumba pansi.

Mbewu zimagwiranso nthaka. Kwathu kuno malo ambiri ndi otsetsereka, ndipo pabwalo pakakhala pa mbee, mvula imakumba mikwasa mpaka maziko a nyumba kuonekera, dothi lonse n'kukathera m'ngalande zomwe mumalipira anthu kuti avuule. Pomwe pali mbatata yoyanga, nthochi kapena mzere wa udzu wa vetiva, madzi amachedwa n'kulowa pansi, kubwezera zitsime zimene mzinda wonse umadalira. Ku Kanyama ndi ku Chawama, kumene malo ndi athyathyathya ndipo thanthwe lili pafupi, minda sidzathetsa kusefukira kwa madzi, kumeneko kukufunika ngalande zenizeni. Koma mtengo wa mango, wa magwafa kapena wa kotapela pakhomo umagwira ntchito kulikonse. Aliyense amene anagonapo m'chipinda cha malata opanda siling'i mu Okutobala, magetsi atathima, amadziwa kusiyana kwa nyumba ya pamthunzi ndi ya padzuwa.

Za malo olimapo pagulu, lamulo la Urban and Regional Planning Act la 2015 linakupatsani mphamvu yokonza mapulani a dera ndi dera, makomboni ali momwemo. Pansi pa nthambo zazikulu za magetsi za ZESCO saloleza kumanga, koma mutagwirizana nawo, mbewu zazifupi zikhoza kumera pamenepo m'malo mwa milu ya zinyalala. Pali ngodya za mabwalo a sukulu, za matchalitchi ndi za zipatala. Amene tinaphunzira kale tikukumbuka minda ya sukulu imene inalamulidwa m'nthawi ya Kenneth Kaunda m'zaka za m'ma 1970, ndipo mwana wa ku Ng'ombe wa lero, amene sanaonepo munda wa agogo ake, akuyenera kudziwa kuti nyemba imamera bwanji. Ndikudziwa mantha amene alipo: kuti munda wa lero udzakhala maziko a nyumba mawa, chifukwa taona malo osewerera ana ndi a m'mbali mwa mitsinje akugawidwa mapuloti ndi anthu opanda mphamvu yogawa. N'chifukwa chake chilolezo chikhale cha nyengo imodzi, chowonjezeredwa chaka ndi chaka, cholembedwa m'dzina la gulu osati la munthu, choletsa njerwa ngakhale imodzi. Malo amene amayi makumi awiri amathirira m'mawa uliwonse ndi ovuta kuwaba kusiyana ndi thengo lopanda mwini.

Simudzakhala oyamba. Kampala inakhazikitsa malamulo ovomereza ndi kuyendetsa ulimi wa mumzinda zaka pafupifupi 20 zapitazo. Rosario, ku Argentina, inayamba mu 2002 kupereka malo osagwiritsidwa ntchito kwa mabanja osauka chuma chitagwa. Kuno kwathu, Ndola inakonza ndondomeko yake ya ulimi wa m'tauni. Khonsolo yanu yomwe ili ndi Lusaka Food Policy Council yokambirana za chakudya cha mzinda, ndipo ndikupempha kuti pa mipando yake pakhale olima m'matumba ndi a m'mbali mwa Ngwerere, osati mabungwe okhaokha. Ndalama nazonso zilipo kuposa kale. Ndalama ya chitukuko cha madera ya CDF inakwera kuchoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni mu 2022, ndipo mu 2024 inali K30.6 miliyoni pa dera lililonse la phungu. Thanki, mpanda wa waya, mawilibala ndi nazale ya mbande ndi kachigawo kakang'ono ka ndalama zimenezi. Koma komiti ya chitukuko ya wadi imazengereza kuvomereza ntchito imene sikudziwa ngati khonsolo imailola.

Ndaganiziranso amayi ogulitsa ndiwo, amene amadzuka usiku kukapikula ku msika wa Soweto, chifukwa ndi anansi athu ndipo phindu lawo ndi lochepa kale. Matumba atatu pakhomo sadzapereka anyezi, matimati, impwa ndi kabichi za chaka chonse. Ndalama yopulumuka pa repu idzabwerera pa tebulo lomwelo kudzagula mazira, nyemba kapena kapenta. Ndipo munda wa gulu ukakolola zochuluka, wogulitsa adzapikula pafupi, masamba akadali anthete, osalipira basi.

Choncho, Olemekezeka, ndikupempha kuti nkhaniyi ilowe pa mndandanda wa zokambirana za msonkhano wa makhansala onse, ndipo pamene lamulo likukonzedwa, mulengeze pa wailesi kuti mbewu za pakhomo ndi za pa malo osaopseza anthu sizidzatchetchedwa. Mutume a zaumoyo a khonsolo, mlangizi wa zaulimi ndi khansala wathu abwere ku Ng'ombe mvula ya Novembala isanayambe, ayende ndi komiti ya wadi ndi amayi olima, atenge madzi ndi dothi kukayesa, ndipo zotsatira zake zidzamatidwe pa msika ndi pa kiliniki m'chinenero chimene timamva. Yankho lanu ndidzaliyembekezera poyera, monga momwe ndalemberamu.

Ine wanu mwaulemu,

Wokhala ku Ng'ombe,
Lusaka.